Marandi 70 Amene Adabala Banki: Phunziro la Amalonda Akuda a ku Joni

Awa ndi mau amene adalankhulidwa pamsonkhano wa amalonda ang'onoang'ono mumzinda wa Blantyre. Tawasindikiza monga momwe adalankhulidwira.



Mwandipempha kuti ndilankhule za momwe munthu wakuda angathandizidwire kuti bizinesi yake ikule. Pofuna kuyankha bwino, ndikutengani tipite ku South Africa, kuja timati ku Joni. Ndasankha dzikoli pa zifukwa ziwiri. Choyamba, si dziko lachilendo kwa ife, pakuti agogo ndi atate athu adakumba golide wa kumeneko pansi pa Wenela ndi Theba, ndipo ana athu ambiri ali komweko. Chachiwiri, kumeneko zopinga za wamalonda wakuda zidachita kulembedwa m'malamulo, ndipo njira zimene anzathuwo adayesa pozichotsa zili poyera, zabwino ndi zoipa zomwe. Paja akulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mfundo yanga ndi imodzi. Wamalonda amakula akakhala ndi mpamba, msika wogulitsako, ndi malo amene angawatche ake. Thandizo lililonse losakhudza zimenezi, ngakhale libwere ndi ng'oma ndi nthungululu, limalemeretsa anthu owerengeka n'kusiya ena onse pamene adali.

Mpanda wa malamulo

Tiyambe ndi nthaka. M'chaka cha 1913 nyumba ya malamulo ya azungu idakhazikitsa lamulo lotchedwa Natives Land Act, limene lidasiyira anthu akuda magawo 7 okha mwa magawo 100 a nthaka ya dziko lao lomwe. Mu 1936 adaonjezerako pang'ono kufika pa magawo 13. Mu 1950 kudabwera Group Areas Act, lamulo logawa mizinda potsata khungu, loti pakati pa tauni, pamene pamayenda ndalama, mpa mzungu. Munthu wakuda ankalowamo m'mawa kukagwira ntchito ndi kukagula, koma kutsegulamo sitolo ai.

Mwina muganiza kuti kwao kumalokeshoni, monga ku Soweto, ndiye adali mfulu. Sizidali choncho. Mu 1963 boma lidatumiza chikalata kwa akuluakulu oyang'anira malokeshoni, ndipo chidali ndi mfundo izi: munthu wakuda akhale ndi bizinesi imodzi basi; agulitse zofunika tsiku ndi tsiku zokha, monga ufa, buledi, shuga ndi sopo; asagwirizane ndi mnzake kupanga kampani; asamange yekha nyumba yochitiramo malonda, koma achite lendi ya boma. Magalaja atsopano, malo omwetsera mafuta ndi malo ochapira zovala pamakina adaletsedwa.

Inu amene mudapitako kubanki kukapempha ngongole mukudziwa funso loyamba limene amafunsa: chikole chili kuti? Chikole chimene banki imakhulupirira ndi nyumba kapena malo. Tsono munthu amene lamulo lamuletsa kukhala ndi malo alibe chikole, wopanda chikole sapata ngongole, ndipo wopanda ngongole amapikula katundu pang'onopang'ono pamtengo wokwera. Malipiro a wantchito wa ku Soweto ankathera m'masitolo a m'tauni ya Johannesburg, pakuti zovala, mipando ndi wailesi ankagula kumeneko. Pamapeto pake azungu ena n'kumati anthu akuda alibe mutu wa malonda. Kumeneko n'kutsekera mbuzi m'khola, kenaka n'kumainena kuti siidziwa kudya msipu.

Mkaka wa panjinga

M'kati mwa mpanda womwewo mudatuluka anthu ena amene tiyenera kuwadziwa maina. Mmodzi mwa iwo ndi malemu Richard Maponya. Iwo adaphunzira zauphunzitsi, koma adakalowa ntchito yowerenga katundu pakampani ina ya zovala, ndipo adayamba kugula nsalu zotsala ndi zovala zokanidwa n'kumakagulitsa ku Soweto. Atafuna chiphaso chotsegulira sitolo ya zovala, boma lidawakaniza. Adapita kwa maloya awiri akuda amene adali ndi ofesi mu Johannesburg, a Nelson Mandela ndi a Oliver Tambo, koma ngakhale malowa adayesetsa, chimene chidatuluka ndi chiphaso chogulitsira zakudya basi.

A Maponya sadakhale pansi n'kumalira. Adaona kuti nyumba za ku Soweto zidalibe magetsi, choncho zidalibenso firiji, ndipo mkaka sukadatha kugona. Pamodzi ndi akazi ao, mayi Marina, adatsegula Dube Hygienic Dairy m'zaka za m'ma 1950, n'kulemba anyamata apanjinga oti azifikitsa mkaka khomo ndi khomo. Pa mkakawo padaphuka butchala, magolosale, malo odyera, malo omwetsera mafuta, mpaka kugulitsa galimoto.

Koma tamverani nkhani ya malo. Mu 1979 a Maponya adapeza malo ku Soweto oti amangepo chinyumba chachikulu cha masitolo, koma adawapeza pa lendi ya zaka 100. Chikalata cha umwini adachilandira mu 1994. Chinyumbacho, Maponya Mall, chimene chidadya marandi 650 miliyoni, chidatsegulidwa ndi a Mandela mu September 2007. Kuchokera 1979 kufika 2007 ndi zaka 28. Bamboyu adamwalira mu January 2020 ali ndi zaka 99, ndipo tithokoze kuti adakhalitsa, chifukwa anzao ambiri a nzeru zonga zomwezo adatsikira kulichete ali m'kagolosale ka chipinda chimodzi.

Chipewa chidazungulira

A Maponya adadziwa kuti mutu umodzi susenza denga. Mu 1964 amalonda akuda adakumana ku Orlando, ku Soweto komweko, n'kukhazikitsa bungwe limene lidadzadziwika ndi dzina loti NAFCOC, ndipo mtsogoleri wake woyamba adali a Maponya. Pamsonkhanopo dandaulo lalikulu lidali loti mabanki a azungu amalandira ndalama za munthu wakuda akamasungitsa, koma akafuna kukongola amamubweza pakhomo. Adagwirizana zoyambitsa banki yao-yao. Atasonkherana pomwepo, zidapezeka ndalama zokwana marandi 70. Zofunika kuti banki itsegulidwe zidali marandi 1 miliyoni.

Munthu wina akadaseka n'kubwerera kunyumba. Koma malemu Dr Sam Motsuenyane, amene adatsogolera NAFCOC kuyambira 1968 mpaka 1992, adayenda ndi anzao dera ndi dera kukopa anthu kuti agule masheya. Zidawatengera zaka zoposa khumi. Mu 1975 African Bank idatsegula nthambi yake yoyamba ku Ga-Rankuwa, kufupi ndi Pretoria, ndipo wapampando wake adali a Motsuenyane. Zindikirani kuti izi zidachitika boma la tsankho lili pachimake, popanda nduna yodula riboni yowakomera mtima.

Ndionjezepo chitsanzo china. Mu 1985 a Herman Mashaba, amene ankagulitsa mankhwala a tsitsi kuchokera m'buti ya galimoto, adayambitsa kampani yao yopanga mankhwalawo, Black Like Me. Mpamba wake, marandi 30,000, sudachokere kubanki. Adawakongoza ndi wamalonda mnzao wakuda, a Walter Dube. Luso losakaniza mankhwala adabwera nalo ndi mzungu, a Johan Kriel, amene adalowa nao m'bizinesiyo. Fakitale adaimanga ku Ga-Rankuwa, dera limene panthawiyo linkawerengedwa kuti ndi la Bophuthatswana, kumene munthu wakuda ankaloledwa kutero. Makasitomala adali amayi a m'masaluni a m'malokeshoni amene a Mashaba ankawadziwa kale. Mukaona bwino, mpamba, luso, malo ndi msika zidakumana pamodzi, ndipo kampani idakula.

Pansi pa onsewa padali amayi ndi abambo wamba a magulu otchedwa stokvel, chimene kuno timati chipereganyu. Ndalama zoyambira geni, zolipirira sukulu ndi zoikira maliro zinkachokera m'magulu amenewa, mwakuti mu 1988 adawapangira bungwe lao la dziko lonse, NASASA.

Ufulu utabwera

Mpanda uja udayamba kugwa ana asukulu a ku Soweto ataukira mu June 1976. Mu 1978 boma lidalola lendi ya zaka 99 m'malokeshoni, mu 1986 lidalola umwini weniweni n'kuthetsa mapasi, ndipo mu 1991 Group Areas Act idafafanizidwa. Mu 1994 anthu onse adaponya voti. Koma kufafaniza lamulo sikubweza chuma chimene munthu adamanidwa zaka 80. Funso lidali loti tsopano titani?

NAFCOC idali itayankha kale mu 1990, ndi mfundo zinai zoti zikwaniritsidwe pofika chaka cha 2000 m'makampani a pamsika wa masheya wa Johannesburg. Anthu akuda akhale ndi mipando 30 mwa 100 ya mabodi. Akhale ndi masheya 40 mwa 100. Makampaniwo azigula 50 mwa 100 ya katundu wao kwa amalonda akuda. Ndipo mamanijala 60 mwa 100 akhale akuda. Kwa ine mfundo yachitatuyo, yogula katundu, ndiyo ikadabala amalonda ambiri, chifukwa imapereka msika. Koma maso a anthu adathamangira kumasheya.

Mu 1993 kampani ya Sanlam idagulitsa magawo 10 mwa 100 a Metropolitan Life kwa gulu lotsogozedwa ndi Dr Nthato Motlana, ndipo m'menemo mudatuluka kampani ya NAIL. Mu 1996 Anglo American idagulitsa gawo la Johnnic kwa gulu lina limene kutsogolo kwake kudali a Cyril Ramaphosa. Njira yake idali yotere: ogulawo adalibe ndalama, choncho ankakongola, masheya omwewo n'kukhala chikole, ndi chiyembekezo choti phindu la masheyawo lidzabweza ngongole. Mu 1998 mitengo ya masheya idagwa, chiwongola dzanja chidakwera kufika pa 25 mwa 100, ndipo ambiri adapezeka kuti ngongole yaposa mtengo wa chimene adagula. Adali eni pa pepala pokha.

Mu 2003 boma lidakhazikitsa lamulo la Broad-Based Black Economic Empowerment, lofuna kuti phindu lifike kwa ambiri. Tinene chilungamo, lamuloli lidatsegula zitseko: achinyamata akuda adalowa m'maudindo amene makolo ao sakadawalota. Komabe mu November 2004 Archbishop Desmond Tutu adadandaula poyera kuti amene akupindula ndi kagulu kochepa ka anthu omweomwewo. Mu 2009 a Moeletsi Mbeki, mng'ono wa pulezidenti wakale Thabo Mbeki, adalemba buku lotchedwa Architects of Poverty, lodzudzula ndondomekoyi kuti ikusandutsa andale kukhala mpondamatiki m'malo mobala anthu opanga zinthu.

Padabukanso chinyengo chobwereka nkhope. Kampani yofuna tenda ya boma inkalemba dalaivala kapena wantchito wa m'munda kuti ndi mwini masheya, iye osadziwa n'komwe, kapena atangopatsidwa ya fanta. Mchitidwewu udafala mwakuti lamulo lidakonzedwanso mu 2013 kuti wopezeka akuchita izi athe kukaseweza mpaka zaka khumi. Ndipo mu 2022 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse idalengeza kuti mwa maiko onse amene idawayeza, South Africa ndiyo idali patsogolo pa kusiyana kwa olemera ndi osauka.

Thandizo likapanda kufika pansi, mkwiyo umagwera woyandikana naye. Mu May 2008 anthu 62 adaphedwa pa zipolowe zolimbana ndi alendo, timasitolo ta m'malokeshoni tidaotchedwa, ndipo Amalawi ambiri adabwerera kumudzi chimanjamanja. Zidachitikanso mu 2015. Wosauka wakuda adatembenukira wosauka wakuda mnzake, pamene eni chuma adagona tulo tabwino.

Mbava ya m'nyumba

Tsopano ndifike pa chinthu chowawa, chimene ena sakonda kuti chinenedwe pamsonkhano wotere. Kudera la Venda, kumpoto kwa dzikolo, kudali banki ya anthu akuda yotchedwa VBS Mutual Bank, imene idayamba mu 1982. Agogo olandira penshoni, magulu a chipereganyu ndi magulu osonkherana za maliro ankasungitsa ndalama zao kumeneko monyadira kuti ndi banki yao. Mu March 2018 idagwa. Lipoti la loya Terry Motau, limene lidatuluka mu October chaka chomwecho, lidapeza kuti ndalama pafupifupi marandi 2 biliyoni zidabedwa ndi akuluakulu a bankiyo ndi anzao. Mu July 2024 amene adali wapampando wake, a Tshifhiwa Matodzi, adalamulidwa kukakhala kundende zaka 15. Agogo aja adagona pamizere panja pa banki kudikira ndalama zao. Ambiri mwa amene adawabera sadali azungu.

Nayo African Bank, ija ya marandi 70, idachoka m'manja mwa oiyambitsa m'zaka za m'ma 1990, n'kusanduka yokongoza anthu osauka ngongole zopanda chikole pa chiwongola dzanja chokwera. Mu August 2014 idatsala pang'ono kutheratu, mwakuti banki yaikulu ya dzikolo idachita kuilanditsa. Dzina lidatsala, koma cholinga cha 1964, chokweza wamalonda wamng'ono, chidali chitasochera panjira.

Nanga ife kuno?

Amayi ndi abambo, sindidakutengereni ku Joni kuti tikangoona. Nafenso tidayesapo njira zachidule. M'zaka za m'ma 1970 boma lidalamula amwenye kuti achoke m'midzi akachite malonda m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, ati pofuna kupatsa mpata Amalawi akuda. Achikulire muno mukukumbukira chimene chidatsatira: masitolo ambiri a m'matauni ang'onoang'ono adatsala mabwinja, chifukwa olowamo adalibe mpamba, galimoto, kapena wowapatsa katundu pangongole. Kuchotsa mnzako pampando sikukuphunzitsa kusunga mabuku.

Mu 2017 nyumba yathu ya malamulo idavomereza lamulo la kagulidwe ka katundu wa boma, limene lidati pa matenda a m'dziko muno magawo 60 mwa 100 apite kwa Amalawi akuda. Cholinga n'chabwino. Koma tisaiwale kuti mu 2013, pa nkhani ija ya Cashgate, mabiliyoni a makwacha adalipidwa kumakampani amene sadapereke ngakhale msomali umodzi. Lamulo lokondera mwana wa m'nyumba, likasowa maso olilondera, limadyetsa mwana wa mfumu yekha.

Tsono ndipereke zopempha zanga, ndipo ndiyambe ndi boma. Lipirani msanga. Ku South Africa malamulo a zachuma amati dipatimenti ya boma ilipire pasanathe masiku 30, komabe amalonda akhala akulira chaka ndi chaka ndi ngongole zosalipidwa. Mayi amene wapereka nyemba kusukulu yogonera komweko, ndalama yopikulira atatenga pakatapila, akadikira miyezi isanu ndi umodzi ndiye kuti tenda ija yamupha. Ndipo maina a eni enieni a kampani iliyonse yopata tenda asindikizidwe poyera, kuti tidziwe ngati ndi wamalonda kapena mlamu wa nduna. Fulumizaninso kupereka zikalata za malo, kuti munthu asadikire monga adadikirira a Maponya.

Kwa makampani akuluakulu ndi masitolo a m'tauni ndikuti: musatipatse matisheti ndi zikho za mphotho, tigulireni katundu. Lembani mgwirizano wa chaka chathunthu ndi gulu la alimi a tomato, osoka mayunifolomu kapena opala matabwa, muwauze mtundu wa katundu umene mufuna, ndipo mutumize munthu wokawaonetsa kachitidwe kake. Kwa mabanki ndikuti: pepala la mgwirizano wotero, losainidwa ndi wogula wodziwika, lilandireni ngati chikole. Mukadikira kuti aliyense abwere ndi nyumba ya ku Namiwawa, mudzakongoza anthu omweomwewo mpaka kalekale.

Kwa inu amene zinthu zidakuyenderani, kumbukirani a Walter Dube. Marandi 30,000 ao adabala fakitale. Kodi pa achinyamata amene amakupatsani moni tsiku ndi tsiku, palibe mmodzi amene mungamuike pambali panu, kumuonetsa mabuku, ndi kumulankhulira kwa wopikulitsa katundu? Kwa inu abale athu obwera kuchokera kunja, mudabwera ndi luso la zowerengera ndalama, la makina, la malamulo. Musalisunge m'sutikesi podikira mpando wa m'boma. Lowani m'bizinesi ndi amene adatsala kuno, amene amadziwa msika, pakuti iye ali ndi chimene inu mulibe.

Pomaliza ndinene kwa ife tonse. Tili ndi chipereganyu, banki m'khonde ndi ma SACCO, ndipo m'menemo ndi mmene muli mpamba wathu woyamba. Tiusamale. Mabuku awerengedwe pamaso pa mamembala onse. Wosunga chuma asakhale mkazi kapena mphwake wa wapampando. Atsogoleri asankhidwe pa nthawi yoikika, ndipo nthawi yao ikatha atule pansi udindo mwaulemu. Membala wofunsa kumene kwapita ndalama asatchedwe woukira, chifukwa wakutsina khutu ndi mnansi. Anthu a ku Venda akadakhala ndi mwayi wofunsa msanga, agogo aja sakadagona panja. Kuthandiza mtsogoleri wakuda ndiko kumugula katundu wake, kumubweza ngongole yake, ndiponso kumufunsa mafunso ovuta.

Anthu a ku Orlando aja adasonkha marandi 70 ali pansi pa boma lowada, opanda voti, opanda chikalata cha malo, ndipo patatha zaka 11 adatsegula banki. Ife voti tili nayo, nyuzipepala zolankhula momasuka tili nazo, makhoti alipo. Ndikupempha bambo wapampando kuti tisanabalalike lero tisankhe anthu oti alembe maina a amalonda onse ali muno, chimene aliyense amagulitsa, ndi amene ali naye ngongole yosalipidwa, kuti pokaonana ndi akuluakulu a boma ndi a mabanki tikapite ndi pepala m'manja.